Mawu a pa WhatsApp amuitanitsa ku polisi: kodi ufulu wolankhula umathera pati?

MwanaWaDomue:
Akuluakulu, ndabwera ndi nkhani imene yandisowetsa tulo kuyambira Lolemba, ndipo ndikupempha amene amadziwa malamulo a dziko lino la Mozambique kuti andiunikire. M'mudzi mwathu, chakumtunda kwa Ulónguè, muli mjigo umodzi umene nyumba iliyonse imasonkhera mametikali 20 pamwezi kuti ukawonongeka pakhale pogwira. Mjigowo unafa miyezi inayi yapitayo, ndipo amayi akutunga madzi kudambo kumene ng'ombe zimamwanso. Mwana wa mlongo wanga, mnyamata wa zaka 23, atatopa nazo anajambula mawu pa foni n'kuwatumiza pa gulu la WhatsApp la m'mudzimo, ndipo m'mawuwo anati wapampando wa komiti ya mjigo wadya ndalama zathu, ndi mbava yoyenera kumangidwa. Patangopita masiku atatu kunabwera kalata yomuitana ku polisi Lachisanu likudzali, chifukwa wapampandoyo wakadandaula kuti mbiri yake yaipitsidwa. Ine ndine malume ake, choncho mlanduwu uli pamutu panga. Timamva pa wailesi kuti m'dziko muno muli ufulu wolankhula zakukhosi, ndiye ndikufuna kudziwa kuti ufuluwo umathera pati. Kodi munthu amene wasonkha ndalama zake, madzi osawaona, alibe mphamvu yonena kuti waberedwa?

Kalulu77:
Malume, ufulu umene mukunenawo unalembedwa m'Chipwitikizi ndipo unatsalira ku Maputo. Kuno kumudzi sunafike.

Wophunzira_Malamulo:
Malume, ndiyambe ndanena kuti ine ndikadali pasukulu ya zamalamulo, choncho zimene ndilembezi zikuthandizeni kumvetsa chabe, zisalowe m'malo mwa loya. Achimwene a Kalulu77 akulakwitsa pang'ono, chifukwa ufuluwo ndi wa munthu wa ku Dómuè monga mmene ulili wa munthu wa ku Maputo. Malamulo Oyendetsera Dziko a 2004, pa ndime 48, amati nzika zonse zili ndi ufulu wofotokoza maganizo awo, ufulu wa atolankhani ndiponso ufulu wodziwa zinthu, ndipo amaletsa kuti mawu a munthu azipimidwa kaye asanawatulutse. Koma ndime yomweyo, chakumapeto kwake, imati kagwiritsidwe ntchito ka ufuluwu kadzayendetsedwa ndi lamulo, molemekeza Malamulo Oyendetsera Dzikowo ndi ulemu wa munthu. Mukabwerera pa ndime 41 mupezanso kuti nzika iliyonse ili ndi ufulu wa ulemu, dzina labwino ndi mbiri yabwino. Ndiye kuti mphwanuyo ali ndi ndime yake, wapampandoyo alinso ndi yake, ndipo ndime ziwirizi zakumana pa mjigo wanu.

Malamulo a milandu, amene anakonzedwanso mu 2019, amasiyanitsa zinthu ziwiri. Difamação ndi pamene munthu wanena pagulu kuti mnzake anachita chinthu chakutichakuti chomuchotsera ulemu, monga kuti anaba ndalama za komiti, pamene injúria ndi kutukwana kapena kunyoza popanda kutchula chimene munthuyo anachita. Mawu akuti "wadya ndalama zathu" akugwera koyambako. Mnyamatayo akanati, "Tasonkha miyezi yakutiyakuti, mjigo sukukonzedwa, komiti ibwere idzatiwerengere ndalama pamsonkhano," palibe amene akanapeza pomugwira, chifukwa zonsezo ndi zoona zimene mudzi wonse ukuziona, ndipo funso si mlandu.

Mayi_wa_Furancungo:
Ine ndiima kumbali ya wapampandoyo, ngakhale sindikumudziwa, chifukwa zoterezi zinandionekerapo. Ndinali msungichuma wa bungwe la amayi kutchalitchi kwathu kwa zaka zisanu. Chaka china fodya wa bambo akunyumba atagulidwa bwino tinafolera nyumba ndi malata, ndipo pasanathe mwezi mayi wina ananena pachitsime kuti malatawo ndi a ndalama za bungwe. Ndinabweretsa buku pamsonkhano, tinawerenga tsamba ndi tsamba, ndalama zonse zinapezeka, mayiyo anapepesa. Koma amene anamva bodzalo anali ambiri kuposa amene anamva kupepesako, ndipo mpaka lero ana anga akakangana ndi anzawo amauzidwa kuti amagona m'nyumba ya zopereka. Amene simunatchulidwepo mbava pamaso pa anthu simungadziwe kulemera kwa dzinalo. Lamulo loteteza mbiri ya munthu silinaikidwire akuluakulu okha, linaikidwiranso ife.

Mlimi_wa_Tsangano:
Mayi, chisoni chanu ndachimva, koma inu munaonetsa buku. Wapampando uyu m'malo moonetsa buku wathamangira ku polisi, ndipo zimenezo zokha zikundiuza kanthu.

MphunzitsiWopuma:
Ana anga, ndiloleni ndikumbutse kumene tachokera, chifukwa ambiri a inu munabadwa zinthu zitasintha kale. Pamene ndinkayamba uphunzitsi dziko linali la chipani chimodzi, ndipo m'mudzi uliwonse ndi pantchito paliponse munali gulu lija linkatchedwa grupo dinamizador. Munthu ankayang'ana kaye uku ndi uku asanadandaule za kusowa kwa sopo, chifukwa ena ankatengedwa kupita ku misasa yokaphunzitsidwanso ku Niassa popanda kuonekera pamaso pa woweruza. Nkhondo itakula ambiri a ife a ku Angónia tinathawira ku Dedza ndi ku Ntcheu, ndipo kumenekonso tinapeza anthu akunong'ona, chifukwa inali nthawi ya Kamuzu. Ufulu wolankhula unalowa m'Malamulo Oyendetsera Dziko mu 1990, lamulo la atolankhani linatsatira mu 1991, ndipo mtendere unasainidwa ku Rome pa 4 Okutobala 1992. Choncho pamene a Kalulu77 akunena kuti ufuluwo sunafike kuno, ine ndikuti unafika, chifukwa kukambirana kumene tikuchita panoku kukanatitengera kundende nthawi imeneyo.

Koma ndikuvomereza kuti achinyamata ambiri saphunzitsidwa kusiyanitsa kufunsa ndi kugamula. M'kalasi ndinkauza ana kuti ukataya pensulo unene kuti pensulo yako yasowa ndipo inali pa desiki ya uje, usanene kuti uje waba, chifukwa kugamula ndi ntchito ya amene amva mbali zonse ziwiri. Mphwanuyo, bambo a MwanaWaDomue, anali ndi funso labwino kwambiri, koma analisandutsa chigamulo.

Kalulu77:
Aphunzitsi, mtolankhani Carlos Cardoso sanatukwane munthu. Ankafufuza ndi umboni za ndalama zimene zinabedwa ku banki ya BCM, ndipo anamuwombera mumsewu ku Maputo pa 22 Novembala 2000. Katswiri wa zamalamulo Gilles Cistac ankangofotokoza zimene Malamulo Oyendetsera Dziko amanena, ndipo naye anaphedwa mu Marichi 2015. Kodi amenewa analakwitsa kasankhidwe ka mawu?

MphunzitsiWopuma:
Sanalakwitse, mwana wanga, ndipo sindinganene choncho. Koma amene anapha Cardoso sanali lamulo, anali anthu ophwanya lamulo, ndipo asanu ndi mmodzi mwa iwo anaweruzidwa mu Januwale 2003. Funso la malumewa ndi la malire amene lamulo linaika. Malire amene mfuti imaika ndi nkhani ina, yowawa kwambiri, ndipo tikaziphatikiza tidzauza ana athu kuti angokhala chete pa chilichonse.

MtolankhaniWakale:
Ndinagwira ntchito pa wailesi ya m'dera kwa zaka zingapo, ndipo ndikufuna kuwonjezera chinthu chimene anthu ambiri sachidziwa, chakuti makhoti a dziko lino anaimapo kale kumbali ya wolankhula. Mu Novembala 2013 katswiri wa zachuma Carlos Nuno Castel-Branco analemba pa Facebook kalata yodzudzula mwamphamvu Pulezidenti wa nthawi imeneyo, Armando Guebuza. Anaimbidwa mlandu pansi pa lamulo la chitetezo cha dziko, ndipo mkonzi wa nyuzipepala ya MediaFax, Fernando Mbanze, anaimbidwanso mlandu chifukwa chosindikiza kalatayo. Mu Seputembala 2015 khoti la ku Kampfumo, mumzinda wa Maputo, linawapeza onse awiri osalakwa, ponena kuti zimene zinalembedwazo, ngakhale zinali zowawa, zinali kudzudzula kayendetsedwe ka dziko, chinthu chimene ufulu wolankhula umalola. Ngati Pulezidenti angadzudzulidwe chomwecho, sindikuona chifukwa chimene wapampando wa mjigo angakhalire wosafunsika.

Palinso chigamulo cha khoti la Africa loona za ufulu wa anthu, limene lili ku Arusha. Mtolankhani wa ku Burkina Faso, Lohé Issa Konaté, anaikidwa m'ndende miyezi 12 chifukwa cha nkhani zimene analemba zokhudza woimira boma pa milandu, ndipo mu Disembala 2014 khotilo linagamula kuti kutsekera munthu m'ndende chifukwa choipitsa mbiri ndi chilango chopitirira muyeso, komanso kuti amene ali pa udindo ayenera kupirira kudzudzulidwa kuposa munthu wamba. Ndime 43 ya Malamulo Oyendetsera Dziko lathu imati ufulu wa nzika uzimasuliridwa mogwirizana ndi chikalata cha ufulu wa anthu cha 1948 ndi pangano la Africa la ufulu wa anthu, choncho loya wabwino angathe kutchula zimenezi m'khoti la kuno. Chimene ndinaona pa wailesi, komabe, n'chakuti nkhani zambiri sizinkafika n'komwe ku khoti. Munthu waudindo ankangoimba foni kwa mkulu wa wailesi, pulogalamu n'kuchotsedwa, ndipo ife tomwe tinayamba kudzipima tokha tisanauzidwe. Mantha amaika malire pafupi kwambiri kuposa pamene lamulo linawaika.

MwanaWaDomue:
Zikomo nonse, mtima wayamba kukhala m'malo. Koma ndifunse a Wophunzira_Malamulo: kodi wapampando wa komiti ya mjigo amawerengedwa ngati munthu waudindo, pomwe si wa boma ndipo salandira malipiro? Ndiponso Lachisanulo tikachite chiyani tikafika? Mnyamatayo Chipwitikizi chake n'cha giredi 7, ndipo ndikuopa kuti angakavomere zinthu zimene sakuzimva. Ndinenenso kuti wapampandoyo ndi mlamu wake wa munthu wina waudindo m'dera lathu, ndiye mukudziwa kuti khoswe akakhala pamkhate sapheka.

Wophunzira_Malamulo:
Si wogwira ntchito m'boma, malume, koma akusunga ndalama za anthu ndipo anavomera yekha kusankhidwa, choncho mmene ndalamazo zikuyendera ndi nkhani ya mudzi wonse, si nkhani ya m'nyumba mwake. Mphwanuyo akanalankhula za banja lake kapena za matenda ake, pamenepo akanakhala kuti walowa m'bwalo losamukhudza, ndipo ndime 41 ija imatetezanso moyo wa munthu wa mseri.

Za Lachisanu ndinganene izi. Apite, asathawe, chifukwa kalata yoitana si chigamulo, ndipo apolisi saweruza mlandu, amene amaweruza ndi khoti. Mupite naye inuyo. Ngati sakumva bwino Chipwitikizi anene momasuka kuti akufuna zimasuliridwe m'Chichewa, ndipo asasaine pepala limene sanalimve. Ngati nkhaniyo ipitirira, funsani ku likulu la boma lanu za IPAJ, bungwe la boma limene limapereka thandizo la zamalamulo kwa anthu amene sangathe kulipira loya. Musanapite, lembani papepala nyumba zimene zasonkha, miyezi imene zasonkha ndi tsiku limene mjigo unafa, ndipo ngati alipo amene anafunsapo komiti n'kusayankhidwa, mudziwe mayina awo. Milandu ya mtundu uwu imayenda chifukwa wodandaula akuifuna, ndiye akakhutira n'kuisiya, nthawi zambiri imathera pomwepo.

Agogo_a_Chifunde:
Ndikulembetsa kwa mdzukulu wanga chifukwa maso anga safikanso pa timalemba ta foni. Ndamva mukutchula ndime ndi zaka, ndipo ndikufuna kunena kuti makolo athu sanayembekezere 1990 kuti adziwe kudzudzula. Mkazi amene mwamuna wake ankamana ndiwo ankaimba pamtondo, mudzi wonse n'kumva, ndipo mwamunayo sakanatha kumutengera kubwalo chifukwa nyimbo siitchula dzina. Gule akatuluka amaseka waulesi, woledzera ngakhale mfumu yaumbombo, ndipo palibe amene amafunsa kuti wanena ndani. Adzukulu pamaliro amanena zimene wina aliyense sangayerekeze kunena. Njira zonsezi zinali ndi malire ake: unkadzudzula khalidwe, mwini wake n'kudzimva yekha, koma kuloza munthu chala kuti ndi mbava kapena mfiti kunali kuyamba mlandu, ndipo ukalephera kuutsimikiza unkalipira nkhuku kapena mbuzi. Chimene chasintha n'chakuti mawu a pamtondo ankapita ndi mphepo, pamene a pa foniwa amakhala, ndipo amafika ku Tete ndi ku Joni tsiku lomwelo.

Zobue_Malire:
Agogo anena zoona. Ine ndikufuna kuchenjeza za chinthu china chimene chimatisokoneza ife a m'malire. Timamvera mawailesi a ku Malawi tsiku lililonse, timamva anthu akuimba foni n'kudzudzula nduna ndi aphungu mosabisa mawu, ndiye timaganiza kuti zimene zikuloledwa ku Mwanza zikuloledwanso ku Zóbuè. Mu Julayi 2025 khoti lalikulu la ku Malawi linagamula kuti gawo 200 la malamulo awo a milandu, limene linkachititsa kuipitsa mbiri kukhala mlandu wotengera munthu kundende, likutsutsana ndi malamulo oyendetsera dziko lawo. Kumeneko woipitsidwa mbiri angasumire kuti alipidwe, koma kuno difamação ikadali m'malamulo a milandu. Chinenero ndi chimodzi, achibale ndi amodzi, koma lamulo limasintha pa chipata.

WaMoatize:
Ndawerenga zonse, ndipo ndikuona kuti tikulimbikira kwambiri kuphunzitsa wosauka kusankha mawu, pomwe amene ali ndi mphamvu sitikuwafunsa kanthu. Anthu amene anasamutsidwira ku Cateme chifukwa cha mgodi wa malasha analemba madandaulo awo mwaulemu za nyumba zong'aluka ndi minda yosabereka, ndipo sanamvedwe mpaka pamene anatseka njanji mu Januwale 2012, apolisi n'kubwera kudzawabalalitsa. Ndime 51 imapereka ufulu wosonkhana ndi kuchita zionetsero, ndipo lamulo la zionetsero la 1991 limati okonza zionetsero adziwitse akuluakulu a boma, silinena kuti apemphe chilolezo, koma kangati tamva kuti zionetsero zaletsedwa chifukwa palibe chilolezo? Zisankho za pa 9 Okutobala 2024 zitachitika, intaneti ya pa foni inkadulidwa ndipo WhatsApp ndi Facebook zinkatsekeka, ife amene timagulitsa katundu kudzera pa foni tinataya makasitomala popanda amene anatifotokozera kuti ndi ndime iti ikulola zimenezo. Mnyamata wa mjigoyu waitanidwa patangopita masiku atatu. Komiti imene yakhala ndi ndalama miyezi inayi sinaitanidwe ndi aliyense.

Namwino_wa_Tete:
Achimwene a WaMoatize, sindikutsutsa zimene mwanena, koma ndikupempha kuti tisafike ponena kuti malire onse ndi chida cha olemera, chifukwa pali mawu amene amapha. Mu 2017 mphekesera za anamapopa zinayenda kuchokera ku Zambézia mpaka ku Mulanje ndi ku Phalombe, ndipo anthu osalakwa anaphedwa ndi magulu a anthu chifukwa choti wina ananena kuti wawaona usiku. Kumpoto kwa dziko lino azaumoyo ndi mafumu akhala akumenyedwa, nyumba zawo kuwotchedwa, chifukwa cha bodza lakuti mankhwala othira m'madzi ndiwo akubweretsa kolera. Ife ogwira ntchito m'zipatala timalowa m'midzi ndi mantha chifukwa cha mawu a pa foni amene palibe akudziwa kuti anayambira kwa yani. M'midzi mwathu momwemuno nkhalamba imatha kuthamangitsidwa panyumba pake chifukwa mwana wina wanena kuti ndi mfiti. Amene amayambitsa zimenezi nayenso anganene kuti akugwiritsa ntchito ufulu wake wolankhula. Mawu akuti "mbava yoyenera kumangidwa" akanagwera anyamata okwiya usiku, sitikudziwa kuti wapampandoyo kukanamuchera bwanji.

WaMoatize:
Achemwali, pamenepo ndikugwirizana nanu kwathunthu. Vuto langa ndi lakuti amene amasankha kuti mawu awa ndi oopsa ndipo awa ndi abwino nthawi zambiri ndi yemweyo amene akudzudzulidwa.

Wophunzira_Malamulo:
Funso limenelo ndilo mtima wa nkhani yonseyi, ndipo malamulo anayesa kuliyankha. Ndime 56 imati ufulu wa munthu ungachepetsedwe pokhapokha pofuna kuteteza ufulu wina kapena chinthu china chimene Malamulo Oyendetsera Dziko amateteza, ndipo amene angauchepetse ndi lamulo, osati mkwiyo wa munthu waudindo. Pangano la mayiko onse la ufulu wa nzika ndi ndale, limene Mozambique analowamo mu 1993, pa ndime 19 limatchula zifukwa zake: ufulu ndi mbiri ya anthu ena, chitetezo cha dziko, bata, umoyo wa anthu ndi makhalidwe. Limanenanso kuti malirewo akhale olembedwa m'lamulo ndipo akhale ofunikadi. Choncho munthu akakuuzani kuti musalankhule, pali mafunso oti mumufunse: ndi lamulo liti, likuteteza chiyani, ndipo kodi panalibe njira yopepukirapo? Kuletsa mawu onga amene a Namwino_wa_Tete atchula kumadutsa mafunso onsewa mosavuta, chifukwa kulimbikitsa anthu kuti apweteke munthu ndi mlandu kulikonse, ndipo ndime 39 yathu imaletsanso kugawanitsa anthu potengera mtundu, chipembedzo kapena kumene anabadwira. Aliyense akudziwa mmene wailesi ya RTLM inalimbikitsira anthu kupha anzawo ku Rwanda mu 1994. Koma kutseka intaneti ya dziko lonse chifukwa ena akuigwiritsa ntchito molakwika, ine sindikuona kuti kungadutse funso lachitatulo.

Ndiwonjezere chida chimodzi chimene anthu sachigwiritsa ntchito. Lamulo 34/2014 limapatsa nzika iliyonse ufulu wopempha uthenga ku maofesi a boma, ndipo ofesiyo iyenera kuyankha pasanathe masiku 21. Ngati mjigo wanu unakumbidwa kudzera ku boma, mungathe kulemba kalata yofunsa amene anapatsidwa udindo woukonza ndi zimene komiti inalamulidwa kuchita. Munthu amene ali ndi pepala m'manja safunikanso kutukwana.

Mayi_wa_Furancungo:
Ndili ndi funso lina pamenepo. Nanga amene analandira mawu a mnyamatayo n'kuwatumiza ku magulu ena, iwo alibe mlandu? Kwa ine amene anandipweteka kwambiri si mayi amene anayamba uja, koma amene ankanyamula nkhaniyo kupita nayo kumsika ndi kuchigayo.

MtolankhaniWakale:
Mayi, wofalitsa sapulumuka ponena kuti anangomva. N'chifukwa chake pa mlandu wa Castel-Branco mkonzi amene anasindikiza anaima naye limodzi m'khoti, ndipo pa wailesi tinkaphunzitsidwa kuti mawu a womvera akatuluka pa mlengalenga, wailesiyo yawalankhulanso. Chinanso choti achinyamata adziwe n'chakuti malamulo a milandu a 2019 amaletsa kujambula mawu kapena zithunzi za moyo wa munthu wa mseri popanda chilolezo chake n'kumazifalitsa. Ndaona ena akubisa foni m'thumba pokambirana ndi munthu kuti apeze umboni, osadziwa kuti umboniwo ungawatembenukire.

Kalulu77:
Ndiye wosauka asatukwane, asajambule, asatumize, asatseke msewu, angolemba kalata m'Chipwitikizi n'kudikira masiku 21 akumwa madzi a kudambo.

MphunzitsiWopuma:
Ayi, mwana wanga, aitanitse msonkhano, aime pamaso pa mfumu ndi anthu onse, anene kuti tasonkha zakuti, mjigo wafa tsiku lakuti, buku lili kuti. Zimenezo angazinene m'Chichewa, mokweza mmene angafunire, tsiku lililonse mpaka atayankhidwa. Koma pa za chinenero mwakhudza bala lenileni. Ndime 9 imati boma limalemekeza zinenero zathu ngati chuma cha dziko, ndime 10 n'kunena kuti chinenero cha boma ndi Chipwitikizi, ndipo zotsatira zake n'zakuti munthu amaimbidwa mlandu ndi lamulo limene sanalimvepo m'chinenero chake. Wailesi ya Rádio Moçambique ya kuno ku Tete imaulutsa m'zinenero zathu, ndipo ndikanakonda kumva ndime zimenezi zikuwerengedwa kumeneko monga mmene amawerengera mitengo ya chimanga.

MwanaWaDomue:
Akuluakulu, ndabwera kudzakuuzani mmene zayendera. Lachisanu tinapita, ine, mlongo wanga ndi mnyamatayo, titanyamula pepala la nyumba zosonkha monga munatilangizira. Wapolisi anamvetsera mawu aja pa foni kawiri, anafunsa wapampandoyo ngati mjigo ukugwira ntchito, ndipo atamva kuti ayi, anati nkhaniyi ikayambe yakambidwa kwa mfumu, ikakanika ndiye ibwerere. Wapampandoyo anati asiya dandaulo lake ngati mnyamatayo apepesa pa gulu lomwelo. Ine ndinavomera, koma ndinapempha kuti tsiku lopepesalo likhalenso tsiku lowerenga buku.

Lamulungu masana mudzi unasonkhana. Mnyamatayo anaimirira n'kunena kuti mawu akuti mbava akuwabweza chifukwa analibe umboni, koma funso la ndalama sakulibweza. Buku litatsegulidwa zinapezeka kuti gawo lina la ndalama linaperekedwa kwa mmisiri amene analonjeza kubweretsa zipangizo kuchokera ku Tete ndipo sanabwerenso, pamene gawo lina anabwerekana okhaokha a m'komiti nthawi yogula feteleza, ndipo awiri sanabweze. Wapampandoyo sanatengepo kanthu iye mwini, koma ankadziwa zonsezi ndipo anakhala chete miyezi inayi. Mfumu inalamula kuti obwereka abweze akagulitsa mbatatesi, ndipo mnyamatayo apereke nkhuku kwa wapampando. Mlongo wanga akuti nkhukuyo yapita pachabe, ine ndikuti yatsika mtengo.

Chimene chandidabwitsa n'chakuti usiku womwewo woyang'anira gulu la WhatsApp la m'mudzi analitseka kuti azilembapo ndi oyang'anira okha, ponena kuti sakufunanso milandu. Kodi zimenezi si kupima mawu kumene ndime 48 ikuletsa?

Mlimi_wa_Tsangano:
Ndiye kuti mnyamatayo akanapanda kulakwitsa mawu, bukulo likanakhala lotseka mpaka lero. Ndikupempha aphunzitsi andiyankhe pamenepa.

MphunzitsiWopuma:
Sindingakane kuti mkwiyo wake ndiwo unatsegula bukulo, bambo. Koma taonani kuti amene anamutchula mbava sanabe, ndipo amene sanabweze ndalama sanawatchule. Akanafunsa za buku pamaso pa anthu, mwina likanatsegulidwa mochedwerapo, koma chala chikanaloza oyenera.

Mayi_wa_Furancungo:
Ndipo ana a wapampandoyo adzamva dzinalo kusukulu kwa zaka zambiri, nkhuku itadyedwa kalekale.

Wophunzira_Malamulo:
Pa funso lanu lomaliza, malume, kuletsa kupima mawu kumene kuli pa ndime 48 kumayang'ana makamaka boma ndi amene ali ndi mphamvu za boma. Gulu la WhatsApp lili ngati khonde la munthu: mwini wake angathe kunena kuti pano tisakambe zakuti, ndipo inu mungathe kutsegula gulu lina lero lomwe popanda kupempha aliyense. Zingasinthe ngati zitadziwika kuti munthu waudindo ndiye anamulamula kuti atseke. Mufunseni woyang'anirayo mwaulemu ngati anaganiza yekha kapena anauzidwa.

MwanaWaDomue:
Ndamufunsa m'mawa uno ndipo akuti anaganiza yekha, ngakhale sanandiyang'ane m'maso. Achinyamata atsegula kale gulu lina, ndipo andiika ine kukhala woyang'anira, ati chifukwa ndi ine ndapita ku polisi. Kalata yopita ku ofesi ya boma yofunsa za mmisiri uja tailemba dzulo ndi mphunzitsi wa pasukulu yathu, ndipo ndikaipereka Lachiwiri ndikapita ku Ulónguè. Amayi akadatungabe kudambo.